Bambo anachokera ku Ntcheu, ine ndinabadwira ku Zimbabwe, mwana ku Johannesburg: kodi ndife nzika za kuti?

MwanaWaMtchona79
Moni akuluakulu nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalembapo kanthu, koma lero nkhani yandikulira. Mundikhululukire Chichewa changa, ndi cha pafamu.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu mu 1957 ali mnyamata, atalembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu okagwira ntchito ku Rhodesia. Anagwira ntchito pafamu ya fodya kufupi ndi Bindura mpaka kumwalira kwawo mu 1998. Ine ndinabadwira pafamu pomwepo mu 1979. Chitupa chimene ndinatenga ku Zimbabwe chili ndi chilembo A, kusonyeza kuti ndine mlendo m'dziko limene ndinabadwira. Famu italandidwa tinasamukira ku Epworth, kanyumba kathu kanagwetsedwa mu 2005 nthawi ya Murambatsvina, ndipo chaka chotsatira ndinawoloka Limpopo. Ku Malawi sindinapondeko, ndimangokumva m'nkhani za bambo.

Ine ndakula, ndazolowera. Chikundisowetsa tulo ndi mwana wanga wamkazi. Anabadwira ku Johannesburg mu 2008. Ali ndi pepala la kubadwa lolembedwa pamanja, lopanda nambala. Kusukulu amakhoza bwino kwambiri ndipo amafuna unamwino, koma fomu iliyonse ya kukoleji ikufuna nambala ya chitupa kapena pasipoti. Ndayenda m'maofesi angapo, uku akuti pita kwanu, uko akutinso pita kwanu. Dzulo mwanayo wandifunsa kuti, "Ababa, kwathuko ndi kuti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Amene mukudziwa malamulo, ndithandizeni. Tiyambire pati?

Kabaza25
Mwana wabadwira ku South Africa ndi wa ku South Africa basi. Vuto lili pati apa?

NaPhiri_Randburg
Ayi achimwene a Kabaza, zimenezo ndi za ku America. Kumeneko ndiye kungobadwirako basi ndiwe nzika, zili m'malamulo awo kuyambira 1868. Kuno ku South Africa mwana amatsata unzika wa makolo. Ngakhale kwathu ku Malawi n'chimodzimodzi: kubadwira ku Queens kapena ku Bwaila sikupangitsa mwana wa mlendo kukhala Mmalawi. Azimayi ambiri timanamizana nkhani imeneyi m'ma saluni, kenako mwana akafika kalasi yomaliza m'pamene timadzidzimuka.

Gawo47
Bambo MwanaWaMtchona, pepani ndi zimene mukudutsamozi. Ndinagwirapo ntchito yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, ndiye ndilemba motalikirapo, mupirire.

Tiyambe ndi inuyo. Lamulo la unzika la Malawi ndi la 1966. Limanena kuti munthu wobadwira kunja ndi Mmalawi ngati bambo kapena mayi ake ali nzika yobadwira ku Malawi. Bambo anu anabadwira ku Ntcheu, choncho tsiku limene munabadwa munali ndi unzika wa Malawi kudzera mwa iwo, ngakhale panalibe amene anakulemberani pepala. Koma lamulo lomwelo, momwe linalili nthawi imeneyo, silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Mwana ankaloledwa, koma akakwanitsa zaka 21 ankayenera kukana unzika winawo asanafike zaka 22. Akapanda kutero, wa Malawi unkangofa wokha, popanda kalata, popanda womuuza.

Tsono taonani zimene zinachitika tsidya linalo. Zimbabwe inaletsa unzika wa mayiko awiri mu 1983. Mu 2001, chisankho cha pulezidenti cha 2002 chikuyandikira, anakhwimitsa lamulo: aliyense amene ali ndi unzika wina anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoti aukane motsatira malamulo a dziko linalo, ndipo nthawiyo inatha mu Januwale 2002. Akuluakulu olembetsa anthu anatanthauzira lamulolo mopitirira, mpaka ana a anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amene sanagwirepo pasipoti ya mayiko amenewo anauzidwa kuti nawonso akane. Ungakane bwanji chinthu chimene sunachigwirepo m'manja? Ambiri anasanduka alendo motero.

Inu munakwanitsa zaka 22 mu 2001. Mukuona pamene pali msampha? Malawi inkakuwerengani ngati wa ku Zimbabwe, Zimbabwe inkakuwerengani ngati Mmalawi, zitseko zonse ziwiri zinatsekeka chaka chimodzimodzi. Simunalakwe chilichonse.

MwanaWaMtchona79
Akulu a Gawo47, ndawerenga katatu. Mu 2001 ife tinali pakati pothamangitsidwa pafamu, tikugona m'mashedi a fodya. Nyuzi inkafika kwa bwana yekha. Za miyezi isanu ndi umodzi ndikuzimva lero, patatha zaka zoposa makumi awiri.

Achimwene_Kadoma
M'bale wanga, nkhani yako ndi yanga. Agogo anga anachokera ku Mangochi kudzagwira pamgodi wa Cam and Motor. Ife tinakula tikutchulidwa Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ena amati Manyasarande. Ngakhale Robert Mugabe anatinenapo poyera anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mfunda. Mawu amenewo anatipweteka kwambiri, poti ife tili ndi mfunda wathu: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Milanzi. Migodi ndi mafamu a dziko lino anamangidwa ndi misana ya makolo athu.

Koma usataye mtima. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndi nzika yobadwa nayo, bola ngati ankakhala mu Zimbabwe pamene malamulowo amatuluka. Ine ndinapita ndi setifiketi yakubadwa ndi chitupa chakale, anandichotsera A kundiikira C, ndipo mu 2018 ndinavota koyamba ndili ndi zaka 44. Ndinalira pamzere.

Gawo47
Achimwene a ku Kadoma anena zoona, koma mawu oti "ankakhala mu Zimbabwe" ndi amene angavute kwa bambowa, chifukwa iwo anachoka mu 2006. Sindikuti njira yatsekeka. Ngati mungaonetse kuti munali nzika yobadwa nayo musanalandidwe, nkhani imasintha, poti khoti lalikulu la kumeneko linagamula mu 2013 pa mlandu wa Mutumwa Mawere kuti nzika yobadwa nayo sitaya unzika chifukwa chokhala ndi wina. Koma zimenezo zimafuna loya wa konko ndiponso ulendo wa ku Harare, ndipo mwanayu nthawi ikumuthera.

Mbadwa_Yeniyeni
Ine ndinena zosakoma. Makolo anu anachoka, anatchona, sanatumize ngakhale sopo kumudzi. Ife tinatsala tikulima, tikudya gaga nthawi ya njala ya 2002. Lero kunjako kwatentha mwakumbukira Malawi. Dziko ndi laling'ono ili, minda yatha. Aliyense wonena kuti agogo anga anachokera ku Ntcheu tikamupatsa chitupa, ana athu adzalima pati?

NaPhiri_Randburg
Mwana wa zaka 17 akufuna kuphunzira unamwino, inu mukuti munda. Wakupemphani munda ndani?

Gogo_Chikwanje
A Mbadwa, ndine wamkulu kwa ambiri pano, ndiloleni ndikukumbutseni. Anthu aja sankapita ku Rhodesia chifukwa chodana ndi kwawo. Atsamunda adaika msonkho wa nyumba, ndalama m'mudzi mudalibe, kum'mwera kuno thangata idali itawasautsa. Mwamuna ankasankha pakati pa kumangidwa ndi kuyenda wapansi kupita ku Salisbury. Boma la atsamunda lenilenilo, kenaka la Kamuzu, linkapeza ndalama pa munthu aliyense wolembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu okagwira kumigodi ya ku South Africa. Malata oyamba m'mudzi mwathu, njinga yoyamba, makina osokera oyamba, zonse zidabwera ndi a ku Theba, opita kumigodiwo. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, amuna athu oposa 70 adafera pomwepo akubwerera kwawo, ndipo ndi pamene Kamuzu adaimitsa kulemba anthu. Mmodzi mwa iwo adali msuweni wa mayi anga. Ndalama zawo tidadya, lero zidzukulu zawo tizikane? Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mbadwa_Yeniyeni
Agogo, ndamva ndipo sindikutsutsani pa mbiri. Koma a ku Theba ankabwerera pakatha zaka ziwiri. Ine ndikunena amene anakwatira konko n'kuiwala. Amalume anga enieni anasiya mkazi ndi ana anayi, sitinamvenso.

Gogo_Chikwanje
Zimenezo zidachitikadi, ndipo zimawawa. Koma mlandu wa amalume anu sungagwere mdzukulu wa munthu wina.

Wa_ku_Chipata
Zoterezi sizigwera osauka okha. Kenneth Kaunda analamulira Zambia zaka 27, kuyambira 1964 mpaka 1991. Makolo ake anachokera ku Nyasaland, bambo ake David Kaunda anatumidwa ndi mishoni ya Livingstonia kukaphunzitsa ku Lubwa, kufupi ndi Chinsali. Atafuna kubwereranso pa mpando, boma la Chiluba linasintha malamulo mu 1996 kuti woimira upulezidenti akhale amene makolo ake onse ndi nzika za Zambia chibadwire. Mu 1999 khoti la ku Ndola linafika ponena kuti Kaunda si nzika ya Zambia. Munthu amene analandira ufulu wa dzikolo m'manja mwake! Zinadzakonzedwa chaka chotsatira. Ndipo mu 1994 andale awiri, William Banda ndi John Chinula, anatengedwa n'kukatayidwa ku Malawi ponenedwa kuti ndi Amalawi. Ngati zinatheka kwa KK, wa pafamu ya fodya angalimbe bwanji? Ife tinalola unzika wa mayiko awiri mu 2016, inu munatsatira pambuyo.

Kabaza25
Paja a Peter Mutharika nawonso anavutitsidwa ndi nkhani ngati yomweyi mu 2014?

Gawo47
Yawo inali ya green card ya ku America. Green card ndi chilolezo chokhala m'dziko mpaka kalekale, si unzika, ngakhale otsutsa ankati ikusonyeza kuti mtima wawo uli kwina. Anaibweza chisankho chisanachitike. Anthu ambiri amasokoneza zinthu zitatu: viza, chilolezo chokhazikika, ndi unzika. Ziwiri zoyambazo ndi chilolezo cha mlendo, mwini dziko akhoza kuchotsa. Unzika ndi umwini.

Nachisale_Leeds
Ndikufuna ndiyankhe a Mbadwa, chifukwa mawu awo ndawamvapo kwa abale anga enieni.

Ndinabwera kuno mu 2003 ngati namwino. Mu 2011 ndinalumbira kukhala nzika ya Britain, chifukwa ana anga ankafunika kukhazikika pasukulu ndipo ndinatopa ndi kulipira mapepala chaka ndi chaka. Tsiku lomwe ndinalumbiralo unzika wa Malawi unatha, malinga ndi lamulo lakale lija. Sindinazimve kuwawa mpaka mu 2016 mayi anga atamwalira. Ndinatsika ndege ndili ndi chitenje cha maliro m'chikwama, n'kuima pamzere wa alendo, n'kulipira madola 75 a viza kuti ndikaike mayi anga ku Dedza. Wondidindirayo anandilankhula Chingerezi, ine ndinamuyankha Chichewa, tonse tinangoyang'anana. Nyumba imene munali malirowo ndinamanga ndine. Ana asanu a achemwali anga ndawaphunzitsa ndine. Koma papepala ndinali mlendo wa masiku 30.

Aphungu atavomereza unzika wa mayiko awiri mu Disembala 2018 ndinavina ndekha m'khitchini. Zinatenganso zaka kuti ndondomeko yake ituluke, koma pano munthu amene anataya unzika akhoza kupempha kuti aubwezeredwe. Ine ndinapempha ndipo ndinaupeza. Bambo MwanaWaMtchona, khomo limeneli ndi lanunso, poti lamuloli limakhudza nzika zobadwira m'dziko ndi zobadwa kwa Amalawi kunja.

Jnr_Machinjiri
Anti a ku Leeds, pepani ndipatuke pang'ono. Unzika wa ku UK umatenga nthawi yaitali bwanji? Mlongo wanga anapita mu 2023 pa viza yosamalira okalamba.

Nachisale_Leeds
Mwanawe, mwa malamulo amene akhala akugwira ntchito, munthu amakhala zaka zisanu pa viza ya ntchito, kenako amapempha chilolezo chokhazikika, amadikira miyezi 12, ndiye n'kupempha unzika. Pali mayeso otchedwa Life in the UK, mafunso 24, uyenera kukhoza 18. Amaonanso Chingerezi chako, mbiri yako ndi apolisi, ndi masiku amene unatuluka m'dziko: asapitirire 450 pa zaka zisanuzo, ndi 90 m'chaka chomaliza. Ndalama zake ndi mapaundi oposa chikwi pa munthu mmodzi. Mu Meyi 2025 boma linalengeza maganizo okweza zaka zisanu zija kufika khumi, ndiye mlongo wako azitsatira nkhani. Umuuzenso kuti mwana wobadwira kuno sakhala nzika pokhapokha kholo limodzi lili nzika kapena lokhazikika. Zakhala choncho kuyambira 1983. Koma mwana akakhala kuno zaka khumi zoyamba za moyo wake ali ndi ufulu wolembetsa. Ndipo asunge pepala lililonse, ngakhale la lendi. Anthu a ku Caribbean amene anabwera kuno ali ana, nkhani ya Windrush ija ya 2018, ena anathamangitsidwa atakhala zaka makumi anayi chifukwa chosowa mapepala otsimikizira.

Shasha_wa_Limbe
Inu mukuzungulira kwambiri. Madala, mungokwera basi mufike ku Ntcheu, mupeze mfumu iliyonse, muipatse kangachepe ikulembereni kalata kuti inu ndi mwana munabadwira m'mudzi mwake. Mukatenge chiphaso cha unzika, kenako pasipoti. Anthu akuchita zimenezi tsiku ndi tsiku.

Gawo47
Chonde musatero. Unzika wopezeka mwa bodza ndi nyumba yomangidwa pamchenga, ndipo ndi mtundu wa unzika umene boma limaloledwa kulanda. Mwaiwala za 2023? Unduna wa za chitetezo cha m'dziko unalanda unzika anthu 396, ambiri ochokera ku Rwanda ndi Burundi, ponena kuti anaupeza mwachinyengo. Nkhaniyo inachokera ku mlandu wa Uladi Mussa, nduna yakale, amene khoti linamupeza wolakwa mu 2020 pa nkhani yopereka unzika ndi mapasipoti mosatsata malamulo. Kuonjezera apo, mwanayu ali ndi pepala losonyeza kuti anabadwira ku Johannesburg, ndipo pepala limenelo ndi chuma, ndifotokoza pansipa. Mukamulembetsa kuti anabadwira ku Ntcheu mwamuphera ufulu umene ali nawo kale. Bambowa ali ndi njira yoona, asalowe yabodza.

Shasha_wa_Limbe
Njira yoonayo imatenga zaka zingati? Mwana adzakhala atakalamba.

NaPhiri_Randburg
Bola kuchedwa kusiyana ndi kudzamangidwa pa Mwanza uli ndi mwana.

Mphunzitsi_Dowa
Poti mwatchula a ku Rwanda ndi Burundi, ndiloleni ndinene za ana amene ndimawaona tsiku lililonse. Kampu ya Dzaleka inatsegulidwa mu 1994 pamalo pamene panali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu. Inakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, lero muli oposa 50,000. Muli anthu amene anabadwira momwemo, akwanitsa zaka 30, abereka ana awo momwemonso. Chichewa chawo ndi cha ku Dowa chenicheni, amaimba nyimbo ya fuko lathu pamtima, ena amakhoza MSCE kuposa ana athu. Koma si nzika, ndipo njira yoti akhale nzika ndi yopapatiza kwambiri. Malawi posaina pangano la othawa kwawo la 1951 inakana ndime zina, kuphatikizapo ya ufulu woyenda, ya ntchito, ndi yofewetsa njira yopezera unzika. Mu Meyi 2023 amene ankachita malonda m'matauni anagwidwa n'kubwezedwa kukampu, ena anadutsira ku Maula ndi ana omwe.

Tikamalira kuti ku Zimbabwe anazunza ana a Amalawi obadwira konko, tiziyang'ananso pakhomo pathu. Funso limene mwana wa bambowa wafunsa, kuti kwathu ndi kuti, ine ndinafunsidwapo ndi mtsikana wa Fomu 3 wobadwira ku Dzaleka.

Mbadwa_Yeniyeni
Apo ndiye ayi aphunzitsi. Amenewo ali ndi kwawo, nkhondo inatha ku Rwanda kalekale. Anatilanda mashopu ku Mchesi ndi ku Mgona. Mwana wa mtchona ndingamumvere, magazi ndi athu. Koma awa?

Mphunzitsi_Dowa
Ambiri ku Dzaleka lero ndi a ku Congo, ndipo kum'mawa kwa dzikolo mfuti sizinaleke kulira. Koma ngakhale tisiye zimenezo. Munthu wa ku Bindura ankanenanso chimodzimodzi za bambo a MwanaWaMtchona: ali ndi kwawo, atilanda ntchito. Lamulo lathu limalola mlendo amene wakhala m'dziko zaka zisanu ndi ziwiri, wamakhalidwe abwino, wodziwa chilankhulo, kupempha unzika. Wamalonda wolemera wofika dzana amadutsa pakhomo limeneli. Wobadwira ku Dowa zaka 30 zapitazo sadutsa. Ine zimenezi sizindikhalira bwino.

Mbadwa_Yeniyeni
Sindinagwirizane nanu, koma za wamalonda wolemerayo mwanena zoona.

Mngoni_wa_Lizulu
Ife a m'malire nkhani zanuzi timazimva mwina. Pa Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire. Nyumba yathu ili mbali ya Malawi, munda wa mbatata uli ku Mozambique, azakhali anakwatiwa ku Ulongwe. Maliro timayendera limodzi, Inkosi Gomani ndi ya tonse. Nthawi ya nkhondo ya Renamo anthu pafupifupi miliyoni anathawira ku Malawi, mtendere utabwera mu 1992 ambiri anabwerera koma ena anakwatira kuno. Pa kalembera wa zitupa wa 2017 m'pamene tinayamba kufunsana kuti uyu ndi wa mbali iti. Mabanja ena mkulu anatenga cha Malawi, mng'ono ali ndi cha Mozambique, mayi mmodzi. Ku Kulamba ku Mkaika Achewa a mayiko atatu amagwada pamaso pa Gawa Undi mmodzi, palibe amafunsa pasipoti.

Achimwene_Kadoma
Kunonso gule sanafe. M'makomboni a migodi Nyau zimatuluka mpaka lero, Ashona amati Zvigure. Beni amavinidwanso. Maliro a Mmalawi amayendetsedwa ndi mabungwe a maliro amene agogo athu anayambitsa.

Jnr_Machinjiri
Zoona? Gule wamkulu ku Zimbabwe? Nyimbo zake amaimba m'Chichewa?

Achimwene_Kadoma
M'Chichewa chakale chimene inu a m'tauni simungachimve n'komwe. Ana athu Chichewa cha tsiku ndi tsiku chikuwathawa, koma cha kudambwe amachisunga.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za gule titsegulire mutu wake, ndi nkhani yabwino. Pano tibwerere kwa mwana uja. A Gawo47 munalonjeza kufotokoza za pepala lobadwira.

Gawo47
Zikomo. Lamulo la unzika la South Africa la 1995, gawo 4(3), limene linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2013, limati mwana wobadwira m'dzikomo kwa makolo amene si nzika ndiponso alibe chilolezo chokhazikika akhoza kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dzikomo kuyambira kubadwa mpaka tsikulo, ndiponso ngati kubadwa kwake kunalembetsedwa. Boma linkakana ana obadwa 2013 isanafike, koma mu 2018 khoti la apilo pa mlandu wa Ali linagamula kuti nawonso akuwerengedwa. Mwana wanu akwanitsa 18 mu 2026. Pepala lolembedwa pamanja lija ndilo umboni woti kubadwa kunalembetsedwa, musalipinde, musalitaye, lijambulitseni kangapo.

Yambani lero kusonkhanitsa umboni wa chaka chilichonse: khadi la sikelo, malipoti a sukulu kuyambira kalasi yoyamba, kalata ya mphunzitsi wamkulu, ya kutchalitchi kapena kumzikiti. Akufuna kuona kuti sanachokepo. Sizibwera zokha, muyenera kupempha, ndipo zimachedwa. Bungwe la Lawyers for Human Rights lili ndi ofesi ku Johannesburg ndi ku Pretoria ndipo lakhala likuthandiza ana otere kwaulere. Za mayeso musade nkhawa: khoti la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asachotsedwe sukulu chifukwa chosowa mapepala.

Ku mbali ya Malawi ndiye pali kovuta. Unzika wodzera mwa kholo umayenda m'badwo umodzi wokha kunja. Inu munabadwira kunja, mwana wanunso kunja, ndiye ngakhale inu mutabwezeredwa wanu, iye sangautenge mwa inu mwachindunji.

Nachisale_Leeds
Dikirani kaye. Tonse takhala tikukamba za bambo ndi agogo aamuna. Nanga mayi ake a mwanayu ndi a kuti?

MwanaWaMtchona79
Mayi ake anatisiya mu 2019, Mulungu awasunge. Anali a ku Nkhata Bay, anabadwira ku Chintheche, tinakumana kuno. Koma sitinakwatirane ku boma, ndinangopereka kwa akwawo mwa mwambo. Ndinkaganiza kuti mwana amatsata bambo.

Nachisale_Leeds
Bambo inu! Ndiye mwanayo ndi Mmalawi chibadwire!

Gawo47
Anachisale aona chimene tonse tinachiphonya, ine ndemwe. Lamulo limati bambo kapena mayi. Ngati malemuwo anabadwira ku Chintheche ali nzika, mwana wanu ndi Mmalawi kuyambira tsiku lobadwa, kaya munakwatirana ku boma kaya ayi. Sakupempha chifundo cha munthu, akungofuna umboni. Chofunika: pasipoti kapena chiphaso cha unzika cha malemu, setifiketi ya imfa, pepala lobadwira la mwana lokhala ndi dzina la mayi, ndi kalata yoona yochokera kwa mfumu ya kwawo kwa mayiyo. Mukayambire ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ilipo ku Johannesburg ndi ku Pretoria. Ndipo poti Malawi pano imalola unzika wachiwiri, kutenga wa Malawi sikumutsekera kupempha wa South Africa akafika 18, chifukwa gawo 4(3) silifuna kuti mwana akhale wopanda dziko. Komabe mukafunse maloya aja kuti muyambe ndi chiti, ndipo mwana asachoke m'dzikomo kukakhala kwina asanakwanitse zaka 18.

NaPhiri_Randburg
Taonani mmene tazolowerera kuiwala amayi. Mayankho onsewa palibe anafunsa. Si zachilendo, malamulo enieniwo ankatiiwala. Lamulo lathu lakale linkati mkazi wa Chimalawi akakwatiwa ndi mlendo n'kupeza unzika wa mwamunayo, wake unkatha pakatha chaka ngati sanakane winawo. Ku Botswana mpaka Unity Dow anakasuma boma chifukwa ana ake ankakanizidwa unzika poti bambo awo anali wa ku America, anapambana mu 1992. Ife Achewa amene timati mwana ndi wa kwa mayi, tinayenera kukhala oyamba kufunsa.

Mbadwa_Yeniyeni
Ngati mayi ake ndi a ku Chintheche ndiye palibe nkhani, mwanayo ndi wathu. Mkazi wanga kwawo ndi ku Bandawe, pafupi pomwepo. Mukasowa wokafika kwa mfumu mundiuze kumbali, mlamu wanga akhoza kuperekeza akuchikazi anu.

MwanaWaMtchona79
Abale anga, usiku wonse sindinagone. Ndinatsitsa sutikesi ya malemu imene sindinaitsegule chiwaikireni. Pasipoti yawo ilimo, inatha mu 2017, koma dzina, chithunzi ndi malo obadwira zikuoneka bwinobwino. Mulinso khadi la sikelo la mwana ndi kalata ya ubatizo. Mwanayo waigwira pasipotiyo nthawi yaitali osalankhula. Ndaimbira alamu anga ku Chintheche, akuti agogo ake aakazi a mwanayu ali moyo ndipo mfumu ikuwadziwa bwino. A Mbadwa, zikomo, ndikulemberani.

Funso lina: pa pepala lobadwira dzina la mayi linalembedwa mosiyana pang'ono ndi la pa pasipoti, chilembo chimodzi. Kodi zimenezi zingatibweze?

Gawo47
Zikhoza kuchedwetsa, koma zimakonzeka. Mukalumbire kalata pamaso pa wovomerezeka kulumbiritsa yonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, alamu anunso alumbire yawo ku Nkhata Bay, ndipo kalata ya mfumu ilembe dzinalo monga liliri pa pasipoti. Mapepala enieni musasiye pa ofesi iliyonse, muzisiya mafotokope odindidwa. Mukamaliza za mwana mubwerenso pano tikambe zanu, chifukwa inunso mufunika kupeza mudzi wa bambo anu ku Ntcheu. Mukukumbuka dzina la mfumu kapena mtsinje umene ankautchula?

MwanaWaMtchona79
Ankatchula kwambiri phiri la Chirobwe, ndi msika wa pa Lizulu. Mfunda wawo anali a Maseko.

Mngoni_wa_Lizulu
Amenewo ndi a kwathu. Nditumizireni kumbali dzina lawo lonse ndi la bambo awo, Loweruka ndikafunsa akuluakulu pamsika.